Kutengera kwa makolo

Kutengera kwa makolo ndi njira imene zinthu monga khungu, gulu la magazi ndi matenda ena zimachokera kwa kholo n'kufika kwa mwana. Zimene zimanyamula uthengawu ndi majini, tizigawo ta DNA topezeka m'makromozomu a m'maselo. Munthu ali ndi makromozomu 46: 23 amachokera m'dzira la mayi, ena 23 mu umuna wa bambo. Choncho pafupifupi pa chinthu chilichonse mwana amalandira majini awiri, ina yakuchikazi, ina yakuchimuna.

Amene anatulukira dongosololi ndi Gregor Mendel, mmonke wa ku Brno, mzinda umene lero uli ku Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankakwatitsa nsawawa m'dimba la amonke, kutenga mungu wa duwa ili n'kupaka pa duwa lina. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, zonse zomera zinali zazitali, ngati ufupi wafera pomwepo. Koma mbewu za zazitalizo zitafesedwa, ufupi uja unatulukiranso, pafupifupi chomera chimodzi pa zinayi zilizonse. Mendel anazindikira kuti jini ina imaphimba inzake popanda kuiwononga. Anasindikiza zimenezi mu 1866, koma asayansi anadzaziganizira mu 1900, mwiniwake atamwalira kale.

Jini yophimbidwa ikhoza kuyenda mwakachetechete m'mibadwo ingapo, ndipo imaonekera pokhapokha mwana akailandira mbali zonse ziwiri. Ualubino umayenda chonchi, chimodzimodzinso matenda a sickle cell. Bambo ndi mayi akhungu lakuda, aliyense atanyamula jini yobisika ya ualubino, akhoza kubereka mwana wachialubino, ndipo mpata wake ndi umodzi pa inayi pa mimba iliyonse. Mpatawu suwerengera ana obadwa kale: banja lina likhoza kukhala ndi ana awiri achialubino motsatizana, lina osakhala naye n'komwe. Bambo amene amathawa banja ponena kuti mwanayo si wake ndi wolakwa, chifukwa theka la nkhaniyi lachokera mwa iye.

N'chimodzimodzi ndi kubereka ana aakazi okhaokha, kumene amayi ambiri amanyozedwa nako. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kromozomu ya X. Umuna wa bambo ndiwo umabweretsa X, mwana n'kukhala wamkazi, kapena Y, n'kukhala wamwamuna.