Chimbale

Chimbale ndi mbale yomwe ija, kungoti "chi-" waikulitsa. Dzinali lidayambira pa malekodi akuda a galamafoni, kenaka lidasamukira pa CD ndi DVD. Lero woimba amati watulutsa chimbale ngakhale nyimbozo zikungoyenda m'mafoni.

Tiyerekeze muli ndi chimbale cha zithunzi zojambulidwa pamiyala ya ku Chongoni m'boma la Dedza, malo 127 amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006, koma kompyuta yachikana. Musafulumire kuchitaya. Mwina chakandika, kapena diso la laser ladzaza fumbi la chilimwe la ku Dedza, ndiye silikuwerenga. Koma ngati kachipangizo kowerengera zimbaleko sikakuoneka n'komwe mu Device Manager, chimbale chilibe mlandu. Zimitsani kompyuta, muone chingwe cha SATA ngati chakhwepa.