Zolembedwa ku Mikuyu zikusowa nyumba

Mumzinda wa Amsterdam anthu amaima pamzere kuti akaone kabuku ka mtsikana wachiyuda, Anne Frank. Adakalandira pa 12 June 1942, tsiku lomwe adakwanitsa zaka 13, ndipo ankalembamo ali kobisala kuthawa asilikali a Hitler. Atagwidwa mu August 1944, mayi Miep Gies adatola mapepalawo pansi n'kuwasunga. Anne adafera kumsasa wa Bergen-Belsen, koma nyumba yomwe adabisalamo idasanduka malo osungirako mbiri mu 1960.

Ifenso tili ndi zathu, kuchigwa chotsikira ku Nyanja ya Chilwa, kunja kwa mzinda wa Zomba. Ndende ya Mikuyu ndi komwe boma la Kamuzu Banda linkatsekera anthu osawazenga mlandu. A Sam Mpasu adamangidwa mu 1975 chifukwa cha buku lawo, Nobody's Friend, ndipo nambala yawo ya ukaidi, 3/75, idadzakhala mutu wa buku lina.

A Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, apolisi adawatenga pa 25 September 1987 ku Gymkhana Club. Adakhala m'ndende ya Mikuyu zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16. Cholembera chidali choletsedwa, pepala lidali loletsedwa. Ndakatulo ankaziluka m'mutu, n'kumazibwereza kuti zisathawe. Uthenga wopita kunja unkalembedwa pa pepala lakuchimbudzi ndi pa timapepala tokutira sopo, ndipo alonda ena achifundo ankatuluka nato mobisa, akudziwa kuti akagwidwa nawonso alowa momwemo. Anthu amenewa timawatchula kamodzikamodzi, chonsecho ndiwo adagwira ntchito yomwe adagwira Miep Gies.

Atatuluka mu May 1991, a Mapanje adasindikiza The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993, dzina lochokera ku timbalame tomwe tinkasokosa m'bwalo la ndendeyo.

Boma la a Bakili Muluzi litalowa mu 1994 lidatseka Mikuyu, ndipo malowo adaikidwa kuti akhale osungirako mbiri. Sizidakhalitse, lero mwadzazanso akaidi. Mwana wa sukulu wa ku Kachulu akafuna kuona ndi maso ake zomwe zidachitika pafupi ndi kwao, ayambire pati?

Inu amene muli ndi kalata ya agogo yochokera ku Mikuyu pansi pa sutikesi, isadyedwe ndi chiswe. Pitani nayo ku National Archives ku Zomba akaijambule.