Chifukwa chake Pokémon GO ndi anzake amafanana

Patchuthi chapitachi kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mbiri ku Fomu 4, pano amagwira ntchito ku Johannesburg. Tikucheza pakhonde anandionetsa masewera awiri pafoni yake, Pokémon GO ndi Monster Hunter Now, n'kundifunsa chifukwa chake amafanana ngati ana a bere limodzi. Tsiku limenelo ndinasowa chonena. Ndakhala ndikuwerenga, ndipo ndapeza kuti funsoli ndi la phunziro langa lomwe.

Kwa amene simunawaonepo, masewerawa sasewera utakhala pampando. Foni imadziwa pamene waima kudzera pa GPS, imakuonetsa mapu a dera lako, ndipo kuti upeze kanthu uyenera kuyenda ndi miyendo mpaka pamalo enieniwo.

Tiyambire mu May 2000, pamene boma la America linaleka kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Pasanathe masiku ambiri, Dave Ulmer wa ku Oregon anabisa chidebe kutchire n'kulemba manambala a malowo pa intaneti kuti ena akachifune. Masewera a geocaching anabadwa choncho. Chaka chotsatira John Hanke ndi anzake anayambitsa kampani yokonza mapu a pakompyuta yotchedwa Keyhole. Google inaigula mu 2004, ndipo ntchito yawo ndi imene inadzakhala Google Earth mu 2005. Onani bwino apa: Hanke anali munthu wa mapu poyamba, ndipo gulu limene anakhazikitsa m'kati mwa Google mu 2010, Niantic Labs, linatengera mtima womwewo.

Mu November 2012 anatulutsa Ingress, masewera a magulu awiri olimbirana malo otchedwa portal. Vuto linali lakuti malowo awapeze kuti. Anayamba ndi mndandanda wa zikwangwani za mbiri yakale ndi zithunzi zimene zinalipo kale pa intaneti, kenaka anapempha osewerawo kuti azijambula okha zipilala, matchalitchi, zithunzi za pakhoma ndi akasupe a m'mapaki n'kutumiza. Anthu anachita izi ulele, mwachangu chosaneneka. Mu 2016 Hanke ananena kuti analandira malo pafupifupi 15 miliyoni ndipo anavomereza ngati 5 miliyoni.

Yankho la mnyamata uja lagona pamenepo. Niantic itachoka m'manja mwa Google mu 2015, inatulutsa Pokémon GO mu July 2016, ndipo ma portal aja anangosintha malaya n'kukhala PokéStop ndi Gym. Mu 2019 malo omwewo anasanduka nyumba za alendo ndi malinga mu Harry Potter: Wizards Unite, amene anatsekedwa mu January 2022. Monster Hunter Now wa mu 2023 nayenso anatunga pachitsime chomwecho. Misewu ndi mitsinje imene imaoneka pansi pake inachokera ku Google Maps, mpaka kumapeto kwa 2017 pamene Pokémon GO inasamukira ku OpenStreetMap, mapu ojambulidwa ndi anthu odzipereka kuyambira 2004. Makampani enanso sanavutike kujambula awo: Jurassic World Alive wa mu 2018 anamangidwa pa Google Maps.

Koma chimene chandigwira mtima ine ndi ichi. M'kalasi timaphunzitsa kuti mapu amaonetsa kumene wojambula anafika ndi zimene iye anaziona kuti n'zofunika. Mukukumbukira mmene tinkatsutsirana za Livingstone "kutulukira" nyanja mu 1859, nyanja imene anthu ankawedzamo kale? Mapu a masewerawa ali ndi matenda omwewo. Osewera Ingress ambiri anali a m'mizinda, okhala ndi foni zodula ndi nthawi yoyendayenda. Ndiye pakati pa tauni PokéStop zinachita kuthithikana, pamene akumudzi ankadandaula kuti kwawo n'chipululu. Ku America komweko, mu 2016 ofufuza anaonetsa kuti madera a anthu akuda mu Washington anali ndi malo ochepa poyerekeza ndi a azungu. Palibe anakonza dala zimenezi. Kungoti amene sanayenderedwe sanalembedwe.

Ndipo kumene kunalembedwa, nako sikunasowe milandu. Chipilala cha chikumbutso ndi malo abwino mu Ingress, koma khamu la Pokémon GO litafika, oyang'anira Auschwitz, Holocaust Museum ya ku Washington ndi paki ya mtendere ya ku Hiroshima anapempha kuti malo awo achotsedwe. Ine ndikuti anachita bwino. Mndandanda sudziwa kusiyanitsa manda ndi bwalo la masewera.

Mu 2025 Niantic inagulitsa Pokémon GO, Monster Hunter Now ndi Pikmin Bloom kwa Scopely pamtengo wa madola 3.5 biliyoni. Hanke anatsala ndi kampani yatsopano, Niantic Spatial, yokonza mapu.

Tisanasiyane tsiku lija ndinamupempha mnyamatayo kuti andionetse dera lathu lino pafoni. Panaoneka msewu waukulu ndi mtsinje basi. Tchalitchi chathu chakale panalibe, ngakhale mtengo wa mkuyu umene mafumu amaweruzirapo milandu. Anati akabweranso pa Khirisimasi adzazijambula n'kutumiza.