Kompyuta ya pabalaza: mbiri ya kupatukana ndi kubwererana kwake ndi wailesi yakanema

Munthu amene lero akulumikiza kompyuta ku wailesi yakanema ndi chingwe chimodzi cha HDMI angaganize kuti akuchita chinthu chachilendo. Komatu zipangizo ziwirizi zinayambira limodzi, zinapatukana, kenaka zinabwererana movutikira. Mbiri ya kubwereranako ndi ya anthu amene ankafuna kudzisankhira okha zoonera pabalaza pawo, ndipo funso limene ankalimbana nalo likadalipo mpaka lero: kodi mwini wa zimene zikuoneka pa sikirini ndani?

Makompyuta oyambirira a m'nyumba ankadalira wailesi yakanema. Apple II ya 1977, Sinclair ZX81 ya 1981, ZX Spectrum ndi Commodore 64 za 1982, onsewa ankagulidwa opanda sikirini, poti sikirini yapadera inali yodula. Kachipangizo kotchedwa RF modulator kankasandutsa zithunzi za kompyuta kuti zioneke ngati zikuchokera ku nyumba youlutsira, ndipo chingwe chake chinkalowa pomwe pamalowa chingwe cha mlongoti. Ku Britain munthu ankatchera tchanelo 36, ku America tchanelo 3 kapena 4. Mapulogalamu ankasungidwa pa makaseti wamba a nyimbo. Nthawi ya nkhani ikakwana, mwana ankazula chingwe chake kuti makolo aonere.

Chimene chinapatula awiriwa ndi zilembo. Wailesi yakanema inapangidwira zithunzi zoyenda zoonera patali. Ya mtundu wa NTSC, ya ku America ndi Japan, inali ndi mizere 525, pomwe ya PAL, imene inafala ku Ulaya ndi kummwera kwa Africa, inali ndi mizere 625, ndipo yonse inkajambula chithunzi m'magawo awiri, kudumpha mzere umodzi ulendo uliwonse. Nkhope ya munthu inkaoneka bwino, koma zilembo zing'onozing'ono zinkaphethira ndi kusokonekera m'mphepete. Mzere umodzi unkatenga zilembo 40 kapena kucheperapo, pomwe ntchito ya mu ofesi inkafuna 80. IBM PC itatuluka mu 1981, ndipo makamaka VGA itabwera mu 1987, kompyuta inapeza sikirini yakeyake n'kusamukira pa desiki. Wailesi yakanema inatsala pabalaza.

M'zaka za m'ma 1990 makampani anayesa kuluzanitsa awiriwa, koma zinakanika. Mu 1993 Apple inatulutsa Macintosh TV, kompyuta yakuda yotha kugwira matchanelo, koma inachotsedwa pamsika patangopita miyezi yochepa. Mu 1996 Gateway inagulitsa Destination, yokhala ndi sikirini ya mainchesi 31 ndi kiyibodi yopanda waya, pamtengo wa madola masauzande angapo. Chaka chomwecho ATI inatulutsa All-in-Wonder, khadi lolowetsa m'kompyuta lotha kugwira matchanelo ndi kutumiza zithunzi ku wailesi yakanema. Amene analumikiza ndi chingwe chachikasu chija kapena cha S-Video anaona m'mphepete mwa chithunzi mutadulidwa, chifukwa mawailesi akale ankakuza chithunzi mpaka kupitirira galasi. Kuonjezera apo, phokoso la mafani linkapikisana ndi mawu a filimu, ndipo mausi inalibe pokhala pa mpando wa sofa.

Zinthu zinasintha mu 1999 pomwe TiVo ndi ReplayTV anayamba kugulitsidwa ku America. Mabokosi amenewa ankajambulira mapulogalamu pa hard disk m'malo mwa tepi, ndipo munthu ankatha kuimitsa pulogalamu ili mkati n'kudzapitiriza pomwe anasiyira. M'kati mwa TiVo munali kompyuta yoyendera Linux, ndipo anthu okonda kumasula zipangizo anaona kuti akhoza kudzipangira yawo. Mu 2002 Isaac Richards anayamba kulemba MythTV, pulogalamu yaulere yochita zomwezo. Chaka chomwecho Microsoft inatulutsa Windows XP Media Center Edition, yokhala ndi zilembo zikuluzikulu zowerengeka munthu ali pa mtunda wa mamita atatu, yoyendetsedwa ndi rimoti.

Pulogalamu ina imene inakhalitsa inachokera kosayembekezeka. Xbox ya 2001, imene Microsoft inapangira masewera, inali kompyuta yeniyeni m'kati mwake, yokhala ndi purosesa ya Intel, hard disk ndi polowera chingwe cha netiweki. Anthu anathyola maloko ake n'kulemba Xbox Media Player mu 2002, imene inasanduka Xbox Media Center, mwachidule XBMC. Anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana anaisamutsira ku Linux, Windows ndi Mac. Plex inaphukira pa tsinde lomwelo.

Kumanga kompyuta ya pabalaza m'zaka zimenezo kunali ntchito ya munthu woleza mtima. Ankafunafuna bokosi lafulati lofanana ndi ampulifaya, bolodi laling'ono monga la Mini-ITX limene VIA inabweretsa mu 2001, lotalika masentimita 17 mbali zonse, purosesa yosatentha kwambiri, mafani akuluakulu ozungulira pang'onopang'ono, khadi logwira matchanelo, ndi kachipangizo kolandira uthenga wa rimoti. Vuto lalikulu linali kugwirizanitsa liwiro. Filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, pomwe wailesi ya PAL imasintha chithunzi ka 50 ndipo ya NTSC pafupifupi ka 60. Ziwerengerozi zikapanda kugwirizana, chithunzi chimayenda modukizadukiza, makamaka kamera ikamatembenuka. Mawu nawo ankafuna chingwe chawochawo chopita ku ampulifaya.

HDMI, imene malamulo ake oyamba anatuluka mu December 2002 mothandizana pakati pa makampani monga Sony, Philips, Toshiba ndi Hitachi, inathetsa ambiri mwa mavutowa. Chithunzi ndi mawu zinayamba kudutsa m'chingwe chimodzi. Wailesi yakanema inayamba kuuza yokha kompyuta kukula ndi liwiro la zithunzi zimene ingathe kuonetsa, ndipo kudzera mu CEC rimoti imodzi inatha kulamula zonse ziwiri. Koma m'chingwe chomwecho munalowanso loko wotchedwa HDCP, wopangidwa ndi Intel poteteza makampani a mafilimu. Chipangizo chimodzi chikapanda kudziwika kwa chinzake, sikirini imangoda bii, ngakhale mwini wake atagula filimuyo ndi ndalama zake.

Mu 2012 kunabwera Raspberry Pi, kakompyuta kofanana kukula ndi khadi la ku banki, ka madola 35, kopanda fani, kodya magetsi ochepa, kokhala ndi polowera HDMI komanso chingwe chachikasu cha mawailesi akale. XBMC, imene inasintha dzina kukhala Kodi mu 2014, inayenda pa iko. Chimene anthu anavutikira zaka khumi chinatheka ndi ndalama zochepa. Koma pofika nthawiyo msika unali utalowera kwina. Netflix inayamba kuonetsa mafilimu pa intaneti mu 2007, Roku inatuluka mu 2008, Chromecast mu 2013, ndipo mu 2015 Microsoft inachotsa Media Center mu Windows 10. Dzina la Kodi linadetsedwanso ndi amalonda ogulitsa mabokosi oikidwiratu njira zobera mafilimu ndi mpira, mpaka mu 2017 khoti lalikulu la European Union linagamula, pa mlandu wa Filmspeler, kuti malonda otero ndi ophwanya ufulu wa eni ntchito. Pulogalamu ya Kodi payokha si yoletsedwa.

Olankhula Chichewa ambiri sanaone mutu woyamba wa mbiriyi. Wailesi yakanema inayamba ku Zimbabwe mu 1960, ku Kitwe m'dziko la Zambia mu 1961, ku South Africa mu 1976, ku Mozambique mu 1981, ndipo Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, chaka chomwe TiVo inatuluka. Komabe anafika pa mfundo yomweyo podzera njira ina. Kompyuta ya woberna nyimbo pa msika, yodzaza mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, makwaya ndi zisudzo, zokopedwera pa memole khadi kapena fulashi yokabaya pa TV kunyumba, ikugwira ntchito ya nkhokwe imene akatswiri a MythTV ankamanga. Nayonso ili ndi mlandu wake, poti oimba ndi azisudzo akhala akudandaula kuti thukuta lawo likudyedwa ndi ena.

Apa ndi pamene funso loyamba lija likukhudza chiyankhulo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ili ndi Chichewa chambiri, koma inafalitsidwa kudzera pa Netflix, ndipo woonera amafunika kulipira mwezi ndi mwezi komanso kukhala ndi intaneti yamphamvu. Zoonera za pa intaneti zimabwera ndi kuchoka malinga ndi mapangano a makampani, ndiponso zimasiyana dziko ndi dziko. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Makanema a zinkhoswe, a makwaya a mpingo, a mwambo wa Kulamba ku Mkaika, palibe kampani ya kunja imene idzawasunge. Ambiri ali pa ma DVD okalikakalika ndi m'mafoni amene mawa adzatayika. Kakompyuta kokhala ndi hard disk kuseri kwa TV kangawasunge pamodzi, n'kuwaonetsa popanda intaneti ku Mchinji, ku Tete kapena ku Johannesburg. Mawu omasulira filimu olembedwa m'munsi amakhala m'fayilo wamba ya SRT, imene aliyense wodziwa chiyankhulo angalembe m'Chichewa, ndipo Kodi idzawaonetsa monga imaonetsera Chingerezi kapena Chipwitikizi.