Ulendo wa pandege wa Blantyre–Lilongwe

Ulendo wa pandege wa Blantyre–Lilongwe umalumikiza bwalo la ndege la ku Chileka (BLZ) ndi bwalo la Kamuzu (LLW) lomwe lili ku Lumbadzi. Mtunda wake mumlengalenga ndi pafupifupi makilomita 245, ndipo ndege za Malawi Airlines zimauluka mtundawu mosakwana ola limodzi. Pamsewu, kudzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndi makilomita oposa 300 ndipo galimoto imatenga maola anayi kapena asanu.

Komabe nthawi yopulumutsidwa si yambiri chonchi. Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre, ndipo wochokera ku Limbe amayamba wadutsa mumzinda wonse. Pamenepo pawonjezereke nthawi yodikira pabwalo komanso ulendo wochoka ku Lumbadzi kukafika mu Lilongwe.