Mbiri ya Kaphunziridwe ka Tchesi

Ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, ofuna kudziwa shatranj, kholo la tchesi, ankasula nzeru pa mafunso a m'mabuku a akatswiri monga al-Adli. Masewerowo ankayenda mwapang'onopang'ono zedi, poti mfumukazi kunalibe. Pamalo pake panali nduna yosuntha kabokosi kamodzi kokha mopingasa.

Malamulo amakono anabuka ku Spain kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo buku la Lucena la mu 1497 linawafotokoza. Mu 1921, Capablanca wa ku Cuba anatsogoza mathero a masewero pophunzitsa oyamba kumene, uphungu wabwino umene aphuma ambiri amaulambalalabe. Mu 1970, bungwe la tchesi la FIDE linatengera njira ya Arpad Elo yoyezera luso la osewera ndi manambala.