KUCHOKERA PA SILETI KUFIKA PA TABULETI: MBIRI YA KUSULA APHUNZITSI M'MAPIRI A DOWA

Mbiri ya maphunziro m'dziko la Malawi singakambidwe bwino popanda kutchula boma la Dowa. M'mapiri a bomali ndimo munayambira ena mwa masukulu oyambirira a m'chigawo chapakati, ndipo mpaka lero zipangizo zatsopano zophunzitsira zikufikabe kumeneko. Koma tikalondola mbiriyi kuchokera pachiyambi, tipeza kuti chipangizo chilichonse chinkadza ndi funso limodzi lomwelo: kodi mphunzitsi amene agwiritse ntchito chipangizochi amuphunzitse ndani? M'nkhani ino tiona momwe funsoli lakhala likuyankhidwira kwa zaka zoposa 130.

M'mwezi wa Novembala chaka cha 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed wochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikitsa mishoni ku Mvera m'dera la mfumu Chiwere. M'chaka cha 1894 mishoni ina inatsegulidwa ku Kongwe motsogozedwa ndi Robert Blake, yemwe dzina lake linapatsidwa sukulu ya sekondale imene ili kumeneko. Azungu amenewa anali ochepa zedi, choncho sakanatha kufikira midzi yonse ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Anasankha anyamata amene anadziwa msanga kuwerenga, nawatuma kukatsegula masukulu a m'midzi. Zida za mphunzitsi wa nthawiyo zinali sileti, bolodi ndi timabuku ta maliwu. Kumene kunalibe masileti, ana ankalemba pansi ndi chala.

Chofunika kukumbukira n'chakuti aphunzitsi amenewa sankangotumizidwa n'kuiwalidwa. Ankaphunzitsa kumudzi kwa nyengo, kenaka ankabwerera kumishoni kukawonjezera nzeru, nabwereranso kuntchito. Uku ndiko kunali kuyamba kwa maphunziro osula mphunzitsi ali kale pantchito. Pambuyo pake sukulu ya aphunzitsi inakhazikika ku Nkhoma, ndipo m'gulu la aphunzitsi a mishoniyi munatuluka anthu ngati Samuel Josia Nthara, mlembi wa buku la Nthondo ndi la Mbiri ya Achewa.

Boma la atsamunda linachedwa kulowerera pa nkhani ya maphunziro. Gulu la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo posakhalitsa linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Kumeneko ankasula aphunzitsi oyendayenda, omwe ntchito yawo inali kuyendera masukulu a m'midzi ndi kulangiza anzawo. Maganizo ake anali akuti luso latsopano limufikire mphunzitsi kumene ali, chifukwa si onse akanatha kupita kukoleji.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, makoleji a boma monga la Lilongwe ndi la Kasungu anasula aphunzitsi ambiri omwe anadzagwira ntchito ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ife amene tinaphunzira uphunzitsi m'nyengo imeneyo tinkadziwa kuti luso lalikulu linali kulemba mowongoka pabolodi, kukonza matchati ndi manja, ndiponso kudula sitensulo ya mayeso popanda kuiboola. Koma mayeso aakulu pa ntchito ya uphunzitsi anadza mu 1994, pamene boma linathetsa malipiro a sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapiteko kukoleji, nawaika m'kalasi atangolandira malangizo a masabata ochepa.

Pofuna kukonza vutoli, mu 1997 kunayamba ndondomeko ya MIITEP. Mphunzitsi ankakhala kukoleji miyezi itatu, ndipo maphunziro otsalawo ankawapitiriza ali pasukulu yake. M'zaka zomwezo masukulu anagawidwa m'mazoni, ndipo m'mazonimo munamangidwa malo osonkhanira aphunzitsi otchedwa TDC, oyang'aniridwa ndi mlangizi wa maphunziro. Tikayang'anitsitsa, tiona kuti mlangiziyu ndi mdzukulu wa mphunzitsi woyendayenda wa ku Jeanes uja. Malo a TDC amenewa ndiwo anadzakhala khomo lolowera luso latsopano m'masukulu akumidzi.

Chipangizo chamakono chimene chinafika m'makalasi ambiri nthawi imodzi chinali wailesi. Mu 2008 pulogalamu ya Tikwere inayamba kuulutsidwa pa MBC kwa ana a makalasi oyambirira. Apa aphunzitsi anaona kuti wailesi payokha siphunzitsa. Mawu akaima kuti ana ayankhe, pankafunika mphunzitsi wodziwa kutsogolera, kuloza pabolodi ndi kukonza yankho lolakwa. N'chifukwa chake aphunzitsi ankayamba aphunzitsidwa kaye momwe angagwirire ntchito limodzi ndi wailesiyo.

Matabuleti anayesedwa mu 2013 pasukulu ya Biwi mumzinda wa Lilongwe. Bungwe la onebillion linakonza maphunziro a masamu m'Chichewa, bungwe la VSO linathandiza kuwafikitsa m'masukulu, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana ogwiritsa ntchito matabuletiwo ankapita patsogolo msanga pa masamu. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, n'cholinga chakuti matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa afike kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a boma. Ku Dowa komweko, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994, achinyamata akhala akuphunzira maphunziro apamwamba kudzera pa intaneti mothandizidwa ndi mabungwe a Ajezwiti. Malo amene kale anali ndende ya andale anasanduka amodzi mwa malo ophunzirirako kompyuta m'bomali.

Nanga mphunzitsi wa pulayimale amaphunzira chiyani akaitanidwa ku maphunziro otere? Poyamba amazolowera kuyatsa ndi kuzimitsa chipangizo, kuchitchaja ndi kuchisamala ku fumbi ndi chinyontho. Kenaka amaphunzira kugawa ana m'magulu, kuona amene watsalira, ndi kulumikiza zimene mwana wachita patabuleti ndi phunziro la pabolodi. Gawo lomalizali ndilo lovuta koposa. Mphunzitsi wazaka makumi asanu, amene wakhala akulemekezedwa m'mudzi monse, amafunika kudzichepetsa ndi kufunsa mnzake wamng'ono amene anakula ndi foni m'manja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zovuta nazo zilipo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi limene linkaunikira nyumba ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Masukulu atatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana ambiri akumidzi analibe njira yophunzirira pa intaneti, ndipo boma linabwereranso ku wailesi. Komanso maphunziro a masiku awiri kapena atatu sakwanira. Luso limene munthu saligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku limaiwalika, ndipo chipangizo chikawonongeka popanda wochikonza chimangogona m'kabati ya ahedi.

Pomaliza, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti zida zimasintha koma udindo wa mphunzitsi susintha. Sileti, wailesi ndi tabuleti zinapindula kokha kumene mphunzitsi anasulidwa, kuyenderedwa ndi kulimbikitsidwa kwa nthawi yaitali. Ena mwa inu amene mukuwerenga nkhaniyi mudzakhala aphunzitsi, ndipo zipangizo zimene mudzagwire mwina sizinapangidwe n'komwe. Mudzakumbukire aphunzitsi a ku Mvera ndi ku Kongwe, amene ankayenda mitunda pansi kubwerera kumishoni kuti akaphunzire zimene sankadziwa, kenaka n'kukazipereka kwa ana a m'midzi yawo.